Mphini pa mwendo wa abambo

Lachinayi, 9 Malichi. Ndatopa, ndipo mtima ukadali m'mwamba.

Abambo anatuluka m'chipatala sabata yatha. Adokotala anati magazi anaundana mumtsempha wa mwendo, n'kuwapatsa mapiritsi oletsa kuundanako. Anachenjeza kuti asadzicheke, ngakhale pometa ndevu, chifukwa magazi sadzaleka msanga. Ndinafotokozera banja lonse, kawiri konse.

Lero achipani anatitengera kumsonkhano kwa Chisepo, aphunzitsi tonse. Pobwera ndapeza abambo atagona m'chigafa cha fodya, chitenje cha amayi chili chonyoweratu ndi magazi. Azakhali awatema mphini mwendo wonse, ndi lumo lomwe anatemera mwana wa eni dzana, n'kupakamo mankhwala awo akuda aja.

"Taona, Nabanda, magazi oipa akutuluka okha," atero azakhali, mano onse pamtunda. "Mapiritsi ako akanatha zimenezi?"

Ndakanikiza mabalawo mpaka manja kuchita dzanzi. Magazi aleka dzuwa litapendeka. Tsopano ndikuopa lumolo, kuti lalowetsa matenda m'magazi. Mawa m'mamawa tikwera ngolo ndi abambo kupita kuchipatala ku Boma, afune asafune.

Lumo ndaliponya m'chimbudzi. Azakhali angondiseka, ati ali ndi lina m'duku, ndipo mwendo winawo sanauyambe...