Loko wa pa Mlatho

14 Juni

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja unasiya kutupa. Kuno ana ali bwino.

Munamva kale kuti alamu anu anasamukira kwa mayi wa saluni uja. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti kiyi wa nyumba anapita naye. Ndikangopita kumsika, amabwera kudzanyamula zinthu. Wailesi inapita, matiresi a ana anapita. Sabata yatha anauza aneba kuti chotsatira ndi makina anga osokera. Achemwali, makinawo akachoka tidya chiyani?

Ndikanatha kungogula loko kusitolo, koma mtima sukanatsika.

Mukukumbukira mlatho wa oyenda pansi wa kunyanja uja, umene anthu amachokera kutali kudzajambulitsapo? Paja okondana amakhoma loko pa zitsulo zake n'kuponya kiyi m'madzi. Ifenso tinatero titangokwatirana, alamu anu atalemba zilembo zathu ndi msomali. Koma mukundidziwa, ine sinditaya kiyi. Ndinaponya wa sutikesi yothyoka, weniweniyo ndinasunga m'chitini cha mabatani.

Mkazi wa wojambula zithunzi wa pamlathopo ananditsina khutu kuti alamu anu ndi wa saluni uja adzakhoma loko wawo Loweruka m'mawa. Ndinalawirira, mafuta a makina ali m'thumba. Asodzi ankasoka maukonde, amayi ankachapa pamiyala, ogulitsa nsomba atayala kale kumutu kwa mlatho. Ndinakwera pamlathopo, matabwa akulira. Loko wathu ndinamupeza atachita dzimbiri. Ndinathira mafuta n'kudikira.

Anafika atagwirana manja.

"Amake ana, mukutani kuno?" anatero alamu anu.

"Ndadzatenga katundu wanga, monga mmene inu mumachitira kwathu."

Kiyi anayamba wakana. Ndinatuluka thukuta, achemwali, ndikuopa kuti athyokera momwemo anthu akuona. Kenako loko anatseguka.

Mayi wina wa nsomba anakuwa, "Bambo, fulumirani, malo apezeka! Khomani pomwepo pakadali potentha!" Mlatho wonse unafa ndi kuseka.

Wa saluni uja anawerenga zilembo zija, nkhope itagwa, n'kutembenukira kwa alamu anu. "Paja munati pamlatho pano simunapondepo?"

Ndinangoti, "Mayi, kiyi wanuyo musaponye." Ndipo ndinamuona ndi maso angawa akumuika m'chikwama.

Lolemba alamu anu anabwera ndi ngolo kudzatenga makina. Anapeza pachitseko pali loko yemwe uja, dzimbiri nditalipala kuti zilembo zawo zioneke bwino. Aneba akuti anaima nthawi yaitali, kiyi wawo ali m'manja, mpaka wa ngolo anatopa n'kumapita.

Musandiuze kuti ndiwakhululukire, sindinafikepo. Mupereke moni kwa alamu anga ndi ana. Mayi muwauze kuti makina alipo, diresi lawo ndimaliza mwezi uno. Mukadzabwera mudzagogode mokweza, kiyi ndi mmodzi yekha ndipo ndimamuvala m'khosi.

Ndine mng'ono wanu,
Amake ana