Chishango cha Yamikani

Lachitatu, 12 Febuluwale

Mpaka pano mtima sunakhazikike. Masana mwana wanga Yamikani anakaima pakati pa msewu thirakitala ya tiyi ikutsetsereka, atanyamula chivundikiro cha poto ngati chishango. Adalaivala anaponda mabuleki, matumba a masamba n'kukhuthukira pansi. Ine ndinali m'munda kuthyola tiyi, dengu kumsana.

Nditamufunsa, akuti, "Ababa, uyu sagundidwa," uku akuloza chimunthu chonyamula chishango, chokhala ndi nyenyezi pachifuwa, chojambulidwa pa malaya ake. Malayawo ndinagula ndekha pa kaunjika ku Luchenza.

Akapitawo athu a kuntchito atafika n'kuona malayawo, sanakalipe. Anangoti, "Achimwene, mukumudziwa ameneyu? Anamujambula ku Amereka nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija, n'kumuveka mbendera yawo, kuti anyamata asamaope kupita kunkhondo." Ndiye kuti ntchito yake ndi imeneyo, kuchotsa ana mantha? Agogo awo a bambo anga anapita kunkhondo yomweyo, kwathu ku Khonjeni sanabwerereko.

Malayawo ndabisa kudenga. Koma chivundikiro sindingabise, amake amachifuna pophika. Mawa thirakitala idutsanso pomwepo, ine ndili kumunda wakutali uja...