Mkazi Amene Anagwetsa a Lewis

Oakville, Canada
13 Febuluwale, 2024

Okondedwa achemwali anga a Agnes,

Pepani ndi kalembedwe kanga. Mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndiye pomwe ndalakwitsa muziongola nokha. Ndalemba papepala kuti ndijambule n'kukutumizirani pa foni, chifukwa mauthenga a mawu alamu amawatsegula pagulu.

M'thupi ndili bwino. Mumtima ndiye ayi.

Mukuwakumbukira a Lewis, agogo achizungu amene ndimawasamalira aja. Ali ndi zaka 84 ndipo mutu unayamba kutaya zinthu. Dzina langa amaliiwala kawiri pa tsiku, koma za sitima saiwala. Moyo wawo wonse akhala akujambula sitima zamalasha, zonga zija bambo athu ankatisimbira za ku Balaka, ndipo zithunzi zadzaza makoma mpaka kuchimbudzi. Mwana wawo, a Joan, amene anandilemba ntchito, anandiuza tsiku loyamba kuti, "Tiya, nyengo yachisanu bambo asapitirire pageti. Akakakamira uzingokana."

Kungokana! Achemwali, munthu wa imvi ukamamukana maso umawaloza kuti?

Loweruka lapitali ndinawapeza pakhomo atavala kale jekete ndi chipewa, kamera ili pakhosi. Anali atawerenga m'kapepala ka gulu lawo kuti tsiku limenelo sitima yakale yamalasha itenga anthu kokaona zitunda za kupitirira Brampton. Ndinati kukuzizira. Iwo anati, "Mwana wanga, iyi ndi yomaliza. Chaka chamawa sindidzadziwanso kuti sitima n'chiyani." Ananena akuseka, koma misozi ili m'maso. Ndinaimbira Twaambo, mnzanga wa ku Zambia wa kutchalitchi uja amayendetsa takisi. Ndinati tingopita, akajambule ali m'galimoto, tibwerere a Joan asanadziwe.

Kumaloko kulibe nyumba pafupi. Ndi zitunda zokhazokha zoyera mbuu ndi chipale, mitengo yopanda tsamba, kuli zii ngati kumanda. Njanji inadutsa m'munsi mwa msewu. Twaambo atangoimika galimoto, a Lewis anatsegula chitseko okha n'kuyamba kutsetsereka ngati mnyamata. Ndinawalondola nditanyamula ndodo yawo, chipale chikundilekeza m'mawondo.

Sitimayo tinayamba taimva isanaoneke, ikulira kuseri kwa chitunda. Kenaka utsi wakuda bii unakwera pamwamba pa mitengo. Ndikamati ndicheuke, a Lewis aima pakati penipeni pa njanji, kamera ili pamaso.

Apa ndi pamene pandichititsa manyazi. Ndinagwada. M'chipale momwemo ndinagwada n'kumaomba m'manja, magolovesi osamveka n'komwe, ndikuti, "Bambo, chonde, tabwerani kuno." M'Chichewa, achemwali! Chingerezi chonse chinandithawa. Ndinkalankhula motsitsa, monga tinkawauzira bambo athu kuti madzi osamba atentha. Nthaka inkanjenjemera m'mawondo mwanga, mutu wa sitima ukukula, ine ndikupemphabe mwaulemu.

Amene anandidzutsa ndi Twaambo, akukuwa ali kumsewu: "Iwe Tiya, upemphela? Mudonse mudala uyo, azafa!"

Ndinawagwira pakolala ngati wakuba wa pamsika, n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Chibadwire sindinagwirepo munthu wamkulu chotero. Tinagwera limodzi m'mbali, n'kugubuduka. Kutentha kwa injini ndinakumva kumaso, fungo la malasha mpaka kukhosi. Nditakweza mutu ndinaona mawindo akudutsa, windo lililonse muli anthu atakweza mafoni kuloza kwa ife. Ena ankabayibitsa. A Lewis anali chagada m'chipale, chala chikudinabe kamera.

Mkono wawo wamanzere unathyoka pafupi ndi dzanja, ndipo kuchipatala anawaika chikhakha. A Joan atafika akuthamanga, ndinawauza kuti bambo aterereka pamasitepe a kunyumba. Bodza linangotuluka lokha. Anandikumbatira, amvekere, "Tiya, tikanatani popanda iwe?" Akanandimenya mbama bwenzi zili bwino.

Ndinkadalira kuti pofika m'mawa adzakhala ataiwala. Aiwala chipatala, aiwala Twaambo, chikhakha amachifunsa kuti chachokera kuti. Koma kamera amagona nayo pansi pa pilo. Dzulo ndikuwapatsa phala anandiitana kuti ndione pa kagalasi ka kumbuyo kwake. Chithunzi choyamba ndi mutu wa sitima ukubwera maso ndi maso, utsi uli tolo, zitsulo za njanji china uku china uku. Ngakhale mwana angadziwe pomwe wojambulayo anaima. Chomaliza ndi thambo, utsi, ndi nkhope yanga, kukamwa kuli yasa, nditavala chipewa chobiriwira chija munandilukira.

Anagogoda pagalasipo ndi chala. "Wamuona mkazi uyu? Ndi amene anandigwetsa. Joan amuone, akamupeze." Ndinafunsa kuti kodi mukumudziwa? Anandiyang'ana nthawi yaitali, supuni ili m'manja mwanga, n'kunena kuti, "Ayi. Koma ndi wankhanza."

Twaambo akuti ndichotse kakhadi kosunga zithunzi kaja ndikataye m'chimbudzi, nkhani ithe. Lero masana a Lewis atagona ndinakachotsadi. N'kochepa ngati chikhadabo. Ndinaima nako m'bafa, kenaka ndinakumbukira mmene amachiyang'anira chithunzi choyamba chija, pakamwa pakugwedera ngati akupemphera. Ananena okha kuti ndi yomaliza. Mkono ndawathyola, ndiwalandenso sitima yawo? Ndinakabwezeretsa. Nanga ngakhale ndikanataya, anthu a m'mawindo aja mafoni awo ndingawataye? Foni ya m'nyumba ikangolira, ndimangoti basi, zaululika.

Mapepala anga a ntchito anamangidwa pa nyumba ino. A Joan akandichotsa, sindikudziwa ngati boma lingandilole kukhala. Ndipo ndikawauza zoona ndiyambira pati? Kuti ndinalephera kukana bambo awo chifukwa cha ulemu, n'kutsala pang'ono kuwaphetsa ndi ulemu womwewo? Kuno zimenezo samazimva.

Amayi musawauze, mtima wawo mukuudziwa. Mungowapatsa moni, muwauze kuti mwana wawo sanaiwale kugwada. Moni kwa alamu ndi kwa Naomi wanga. Mumuuze kuti alimbikire sukulu, ndiponso kuti munthu wamkulu akaima pangozi azimukoka kaye, kupepesa pambuyo. Mundiyankhe msanga, ngakhale mawu awiri okha, ndipo mundipempherere.

A Joan abwera Lamlungu masana. Kamera ikadali pansi pa pilo, kakhadi kali momwemo, ndipo chowauza sindinachipezebe.

Ndine mng'ono wanu wamantha uja,
Tiyanjane