Diso la Kamera ya Malemu Lawrence

Chikale,
Nkhata Bay,
Nyasaland.
19 Ogasiti, 1956.

Okondedwa achimwene a Watson,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino ku Bulawayoko. Kuno mwera wavuta chaka chino, usipa ukusowa pamsika, ndipo Dolly wanga anadwala malungo koma tsopano akusewera. Chithunzi chanu chinafika ndi sitima ya sabata yatha. Suti yakukhalani, masayanso atuluka. Koma ine nditachigwira m'manja mtima unandiwawa, ndipo mpaka lero sunaleke, chifukwa diso limene linakujambulani ndikulidziwa. Ndi la malemu amuna anga, a Lawrence.

Mwina munena kuti Rosina wayamba misala, diso la kamera angalidziwe bwanji pachithunzi. Ndiye ndikuuzeni zonse bwinobwino, popeza m'kalata yanga yoyamba ija ndinangolira osalongosola.

A Lawrence atamwalira ndi chifuwa chomwe anabwera nacho ku Joni, anandisiyira ana awiri ndi kamera yawo ya ku Jeremani. Kamerayo inali itatha kale, kansalu ka m'kati kotseka kuwala kanawola ndi chinyezi chathu chino. Chinatsala chabwino ndi diso lokha, galasi lakutsogolo lija, poti iwo ankalimasula akaweruka n'kulisunga m'chitini cha mpunga wokazinga kuti lisachite nkhungu. Kujambula anandiphunzitsa, kutsuka zithunzi komwe. Nanga diso lokha popanda kamera ndikanajambula nalo chiyani?

Ndi pamene anabwera a Gibson, mnzawo wa malemu, amene ananyamula nawo bokosi pamaliro. Iwo anali ndi kamera ya ku Mangalande, yolimba ndithu, koma diso lake linasweka atagwa panjinga.

"Mlamu," anatero, "inu muli ndi diso, ine ndili ndi thupi lake. Tiziphatikize tizigwira ntchito limodzi, ana a mnzanga asagone ndi njala."

Ndinalira ndi chimwemwe tsiku limenelo, kupusa kwanga ine.

Vuto linali loti ziwirizo sizinkalowana. Diso la a Lawrence n'la mazinga, lomanga mopotokola ngati chitsekero cha botolo, pamene kamera ya a Gibson pakamwa pake pali timano togwira. Tinapita kwa a Mackford, okonza mapulayimasi kuseri kwa msika, ndipo anatisulira mphete ya mkuwa kuchokera ku khosi la nyali yanga. Mbali ina mazinga, mbali ina mano. Titayesa, nkhope ya munthu wapafupi inkaoneka bwino, koma chilichonse chakutali chinali ngati utsi. Mpheteyo inachindikala, ndiye diso linatalikirana ndi filimu.

Amene anapala mpheteyo ndi tupa ndine, achimwene. A Gibson kudekha analibe. Ndinkatsegula kamera kumbuyo, n'kuika pepala lopaka mafuta pamalo pa filimu, n'kudzifunditsa nsalu yakuda, n'kulozetsa diso ku mlongoti wa kudoko. Mlongoti ukaoneka mbuu, ndimasule, ndipale pang'ono, ndimangenso. Zala zinatuluka matuza. Tsiku limene zingwe za mlongotiwo zinaoneka papepala zoti n'kuziwerenga, ndinaitana ana kuti adzaone. Panangotsala chilema chimodzi. M'kati mwa mphete muli kamlomo komwe tupa sinkafikako, ndipo kamatchinga kuwala pakona imodzi. Chithunzi chilichonse chimatuluka ndi kamdima kokhota m'munsi chakumanzere, ngati chikhadabo. Ngati muli ndi chinzake cha chithunzi mwatumizachi, yang'anani pafupi ndi nsapato yanu.

Kenako a Gibson anati tiwotcherere mpheteyo ku diso, lingamasuke n'kugwera m'madzi tili pabwato. Ndinakana, chifukwa ndinkadziwa kuti likawotchereredwa silidzalowanso pa kamera ya mtundu wa a Lawrence.

"Mlamu, mukundiyesa ndani kodi?" anatero akuseka. "Ndipita kuti ine? Nyumba yanga simukuiona?"

Ndinachita manyazi, n'kuvomera.

Dzinja lonse tinagwira ntchito bwino. Amayi ofuna kutumiza zithunzi za ana kwa amuna awo kumigodi ankakonda kujambulidwa ndi ine, poti kwa mkazi mnzawo ankatha kukonza duku momasuka. Kamera inkagona kwanga. Tsiku lina la sitima a Gibson analawirira pakhomo panga, akuti kuli ukwati wa mphunzitsi ku Chintheche, akwera lole. Diso ndinalipukuta ndekha, n'kuwapatsa kamera ndi manja awiri. Masana amayi ogulitsa nsomba kudoko anandiuza kuti awaona akukwera sitima ndi sutikesi, bulangete atalikulunga pamwamba. Akazi a Gibson omwe nkhaniyo anaimva kwa ine.

Ndinakulemberani ndikulira, popeza anthu akwathu akathawa amatulukira kwanuko. Inu munayankha kuti mukawaona muwagwira pakhosi. Mwezi watha a Davis, mnzathu wa kuno amene ankagwira ntchito ku Bulawayoko, atabwerako kumeneko ananena kuti a Gibson akugona m'chipinda mwanu ku Makokoba, ndipo Lamulungu lililonse ndinu mumaitana anyamata akwathu kuti adzajambulitse. Ndinawakalipira a Davis pamsika anthu akuona, ndinati ndi abodza, mchimwene wanga sangatero. Dzulo ndinapita kukawapepesa.

Za a Gibson sindidabwanso, si m'bale wanga. Koma inu, achimwene, inu amene munkandibereka kumsana amayi akapita kumunda. Munasita suti, n'kupesa tsitsi, n'kukaima patsogolo pa diso la amuna anga, n'kumwetulira. Kenako n'kutitumizira. Kodi munkayesa kuti sindidziwa, kapena munalibe nazo ntchito kuti ndidziwa? Ndayesa kusankha chopweteka pang'ono pa ziwirizi, ndalephera. Ndikudziwa kuti kuchilendoko munthu wakwathu akagogoda simumubweza. Koma Atonga a zipinda ku Bulawayo si inu nokha.

Ine tsopano ndikuviika ndi kusinja chinangwa cha anthu kuti ana adye. Amayi aja amafikabe pakhomo atawasambitsa ana awo, ndimawabweza.

Pempho langa ndi limodzi. Pambali pa diso pali kabatani. Mukadina n'kupotokola chakumanzere, diso lichoka pamodzi ndi mphete yake. Mulikulunge m'sokosi, muliike m'chitini cha mpunga wokazinga, mupatsire munthu wodalirika wobwera kuno. A Mackford akuti angayese kusungunula powotcherera paja, ndipo kamera ndidzaipeza ngakhale zitapita zaka. Ya a Gibson muwasiyire, sindiifuna. Musanditumizire nsalu kapena nsapato za ana m'malo mwake, ndidzazibweza.

Percy ndi Dolly akupereka moni kwa amalume awo. A Mackford akuti yewu, moni wathu wa Chitonga uja. Amayi ali bwino, kungoti miyendo. Chithunzi chanu anachikulunga m'kansalu koyera, ndipo Lamulungu anapita nacho kutchalitchi kukaonetsa anzawo onse. Akhala akundifunsa kuti anajambula mwana wawo bwino chotere ndani, akufuna kumudalitsa. Sindinawauze kanthu, ndangoti ndifunsa eni ake. Yankho lake mulembe nokha, achimwene. Ndidzawawerengera monga momwe mudzalembere, osachotsa liwu ngakhale limodzi.

Ndine mlongo wanu,
Rosina, mkazi wa malemu Lawrence.