Bokosi la Ida pa Lole ya Mijigo

Lolemba, 7 Julayi 1952. Balaka.
Chisanu kuyambira m'mawa. Zida zatsopano zokonzera mijigo zafika pa sitima: unyolo wokokera mapaipi m'chitsime, miyendo yake itatu yachitsulo, masipanala anayi otalika ngati mkono wanga. Zokongola zedi. Ndinaziyang'ana nthawi yaitali. Koma poika palibe. Lole inadzaza kale. Migolo iwiri, mapaipi, jeke, tayala, mphasa zathu, ndi bokosi la malata la Ida, malemu mkazi wanga.

A Chester, kapitawo wathu, analigogoda ndi ndodo. "Lole si nyumba, a Japhet. Pa 21 ndidzayendera. Za ntchito zonse zikhale m'mwamba, zina zonse pansi."

Nyumba ndilibe. Chindisudzulireni kwa Mposa mu Epulo, titameta maliro, ndimagona pomwe lole yaima. Munda, nkhokwe, khonde lomwe ndinamanga ndekha, zonse n'za kuchikazi. Ndi mwambo, sindidandaula. Anandipatsa bokosi lokha. Likatsika, lipita kuti?

Lachitatu, 9 Julayi.
Tsiku lonse ndi nyundo. Ndakhoma kabati ya matabwa a mabokosi a palafini mbali ya kumanzere kwa lole, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Zitsulo zonse zalowa. Elliam, mnzanga woyenda naye, anaima patali manja m'chiuno. "Achimwene, khola mwamanga. Nkhunda zake zibwera liti?" Aseke. Bokosi silinasunthe pamalo pake.

Lachinayi, 10 Julayi. Liwonde.
Manyazi lero. Titangokwera pantoni yowolotsa pa Shire, lole inapendekera kumanzere, ngodya ya pantoni n'kuyamba kumwa madzi. Amayi a madengu kukuwa. Mkulu wa pantoni: "Bwererani! Ng'ona zadya kale lero!" Ndinabwerera m'mbuyo. Shire phee, wotakata, wosasamala za ife. Mvuu zitatu maso okha pamwamba pa madzi.

Pagombe panali nkhalamba ya kofia yoyera, Che Sufiyani, wosema mabwato wa ku Chiuta. Anazungulira lole katatu, kenaka n'kukwawira pansi pake ndi mkanjo womwe. Atatuluka anati, "Cholemera chimakhala pansi, ndiponso pakati. Madzi sadziwa kuti munapita kusukulu."

Tinatsitsa zonse, n'kuika monga anatiuzira. Tinawoloka ngati tsamba. Tawatenga, njira ndi imodzi. Kabati yanga Elliam waphikira tiyi.

Loweruka, 12 Julayi. Chiuta.
Mjigo wa pano tamaliza masana. Che Sufiyani avomera kutithandiza. Akuti mjigowo ndi womwe amatungako akazi awo, basi zakwana.

Alibe rula. Luzi lokha, akumanga mfundo pomwe ine ndikanalemba mainchesi. Anandiitanira pansi pa lole n'kundilozera pakati pa mitanda iwiri yachitsulo yomwe imanyamula thandala la lole. Malo! Otalika kuposa munthu, ouma, opanda kanthu. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikugona chagada pansi pamenepo ndi girisi kumaso, osawaona.

Mtengo ndi mbawa, wotsala ku bwato lomwe linang'aluka, wouma zaka zitatu. Akugoneka sipanala pamtengo, kulemba m'mbali mwake ndi khala, kuichotsa, kenaka kasemasema. Kho, kho, kho, osafulumira. Akaibwezera ikugona mwake ngati inamera momwemo. Ndinakhala pa mgolo mpaka dzuwa kupendeka, ntchito yanga nditaiwala.

Lachiwiri, 15 Julayi.
Zatha. Timabwato tiwiri tatitali, toloweka pansi pa thandala kuchokera kumbuyo. Zingwe zachitsulo ndi mabawuti ndamanga ndine, n'zokhazo zomwe ndinganyadire. Unyolo uli ndi dzenje lake, jeke lake, ngakhale kasipanala kakang'ono ka mapulagi.

Tinayesa mpaka ku msewu wa Ntaja. Mabampu omwe aja. Koma zii. Injini yokha. Popanda chogobeda ngakhale chimodzi. Ndinamva mbalame m'dambo lole ikuyenda! Elliam anavula chipewa. "Achimwene, imeneyi si yathu. Taba ya bishopu."

Ida ankati amatimva tisanawoloke mtsinje, chifukwa cha phokoso la zitsulo, ndiye ankateleka madzi osamba. Lero tikadamudzidzimutsa.

Zatsala zosalowa m'timabwato: zikopa zokokera madzi m'mijigo ndi mavavu a mkuwa. Sizifuna fumbi, sizifuna madzi. Bokosi lake la katoni linanyenyeka. Malo abwino ndi amodzi okha, kuseri kwa mutu wa lole, pomwe pali bokosi la Ida. Kwatsala masiku asanu ndi limodzi.

Lachinayi, 17 Julayi.
Mijigo iwiri. Chakudya sichikulowa. Ndayesa kuika bokosi pa mpando, pakati pa ine ndi Elliam. Giya sikulowa.

Lachisanu, 18 Julayi.
Che Sufiyani anabwera atachoka ku mzikiti, kudzaona ngati mitengo sinasunthe. Anafuna kukankha bokosi kuti aone thabwa la pansi pake. Anakokera mphamvu ngati anyamula chimanga, pang'ono agwe chagada. Mulibe kanthu. Nsalu, mipango, mbale, zonse anagawana abale ake tsiku lometa. Miyezi itatu ndakhala ndikuyenda ndi bokosi lopanda kanthu, Elliam osadziwa.

Anandiyang'ana. Kenaka anauza Elliam kuti akasankhe nsomba pa thandala lawo, zazikuluzo. Titatsala awiri anati, "Bwato lopanda katundu mphepo imalitenga, mwanangu."

Ndinatsekula ndekha. Koyamba chichokere kwa Mposa. Fungo la sopo wake likadalimo. Ndinaima, sindidziwa nthawi yaitali bwanji. Iwo anali kunola kasemasema, nkhope kunyanja.

Pofika madzulo anali atayalamo timatabwa topyapyala ngati chikhatho, zipinda zisanu ndi zitatu, popanda msomali ngakhale umodzi, kuti malata asabooke. Zikopa ndaikamo ndine, chimodzichimodzi. Chivundikiro chinatseka monga kale, ndi kulira kwake komwe kuja.

Munthu ameneyu sadziwa kulemba dzina lake. Sindinaonepo mmisiri wotere.

Lolemba, 21 Julayi. Balaka.
A Chester anafika ndi ndodo yawo. Anayang'ana m'mwamba, thandala loyera. "Zida mwagulitsa?" Elliam anasolola kabwato koyamba pang'onopang'ono, ngati wansembe. Anthu a m'galaja onse anasiya ntchito. Ngakhale mzungu anatuluka mu ofesi, n'kugwada pa fumbi ndi kabudula wake woyera, kulowetsa chala m'dzenje la jeke. Akuti malole ena atatu apite ku Chiuta.

Kenaka ndodo pa bokosi. "Nanga ichi?" Ndinatsekula. Anawerenga zikopa, kugwira mavavu, kununkhiza ngati muli chinyezi. "Ichi n'cha ntchito. Chikhale."

Mtima unatsika. Kanthawi kochepa.

Anaitanitsa penti. Chilichonse cha ntchito chimalembedwa nambala ya lole, ndipo chimatsala ndi lole dalaivala akasinthidwa. Lamulo ndimalidziwa, jeke ndinalemba ndine. Sindinaganizeko. Sabata yonse sindinaganizeko.

Burashi anapatsa ine, poti ndimalemba bwino. Pa chivundikiro pali IDA, malemba oyera omwe ndinalemba chaka cha ukwati wathu. A Chester anaona, n'kuyang'ana kumbali. "Paliponse pomwe pali malo, a Japhet."

Ndalemba m'munsi mwa dzina lake.

Penti sinaume. Mawa kwa Mposa, mjigo wa pamudzi pawo wasiya kukoka madzi. Vuto ndi zikopa, ndikudziwa kale. Amayi onse adzakhala atazungulira ndi mitsuko yawo, a Clementina, akulu ake a Ida, patsogolo. Ndipo ndidzayenera kutsitsa bokosilo, kuliika pansi pamaso pawo, n'kulitsekula.