Duku Loyera la Amama

Zolozolo,
Mzuzu.
14 Juni, 1984.

Okondedwa akulu anga a Winifred,

Ndikhulupirira muli bwino ku Blantyre pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kwazizira, ndipo mvula yowaza sikuleka.

Mwafunsa za Amama. Mapazi awo masiku ano amakhala ngati amatidwa pansi. Akafika pakhomo amangoima, mtima ukufuna koma miyendo ikukana, mpaka ndiwagwire mkono n'kuyambitsa nyimbo ya kutchalitchi, ndiye amaponda motsatira nyimboyo. Agwa kawiri mwezi uno. Mkodzo nawo umawapulumuka, ndipo mukudziwa kuti bulangete ku Mzuzu siliuma msanga. Dokotala akuti mu ubongo muli mbali yoyera yonyamula uthenga ngati mawaya a lamya, ndipo akuganiza kuti ukalamba ndi kuthamanga kwa magazi zaiwononga. N'chifukwa chake mwendo umamva mochedwa, maganizo nawo amasochera. Akuti sizibwerera mwakale.

Inu anamwino mukuzidziwa izi kuposa ine wolekera Sitandade 8. Chimene simukudziwa n'chakuti kuyambira pa Pasaka, Amama amanditcha Winifred. Ndikawasambitsa amandithokoza m'Chitumbuka, amati, "Yewo chomene, Winifred mwana wane." Poyamba ndinkawakonza, kenako ndinatopa. Ndinene zoona, ndinayambanso kukonda, chifukwa mawu ofewa otere sanawalankhulepo kwa Mabel. Inu ndinu munali wa mabuku, ine wa nkhuni ndi madzi.

Sabata yatha amayi a Umanyano, gulu lawo lija la kutchalitchi, anabwera kudzawapempherera. Amama anandituma kuti nditsegule sutikesi, n'kutulutsa duku lawo loyera, lija sitinkaloledwa kulikhudza tili ana. Anandimanga nalo kumutu, nati, "Ili n'la Winifred, wondisamala. Mabel uja anandithawa, ngakhale madzi akumwa sanandipatsepo." Anyabanda, mmodzi wa amayiwo, amene amandiona ndikuyanika zofunda m'mawa uliwonse, anangoweramitsa mutu. Ine ndinagwada n'kuthokoza.

Ndikuchita nanu nsanje, akulu. Mumatumiza sopo ndi kalata kawiri pa chaka, koma madalitso onse a msana wanga akupita ku dzina lanu. Ndiulule chinanso. Chithunzi chanu chija mutavala yunifomu sindinawaonetse. Chili pansi pa matiresi anga, poti ndinaopa kuti akachiona adzandiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti nanga iwe ndiwe yani.

Mwalemba kuti mubwera mu Ogasiti. Bwerani, ndi mayi anu, sindingakuletseni. Koma dziwani kuti mukangolowa pakhomo paja, iwo adzapeza mwana wawo weniweni, ine n'kutsala Mabel wothawa uja, kapena munthu wopanda dzina wochapa mabulangete. Duku ndalichapa n'kulisita. Sindinatsimikize ngati ndidzakupatseni.

Pobwera mutitengere pulasitiki yoyala pabedi, kuno ikusowa. Mundiperekere moni kwa alamu a Overtoun ndi ana onse.

Amama andiona ndikulemba ndipo afunsa kuti kalatayi ikupita kuti. Nditati ikupita kwa mwana wawo wakutali, ati ndilembe kuti alibe naye mangawa Mabel, angobwera adzawaone asanafe. Ndalemba monga anenera.

Ndine mng'ono wanu,
Mabel.