Thumba la chimanga pa kaliyala

Amake Rita,

Mukabwela ku sukulu njinga simuipeza, koma musade nkhawa, sinabedwe. Ndapinda wilo lakumbuyo ndine, ndiye ndathamangila nayo ku Petauke kuti akaliwongole. Pepani.

Nkhani yake ndi iyi. Chiyambile tsiku lija mpweya unandithela pa chitunda cha ku Minga, inu n'kunditsitsa pa mpando n'kundikweza pa kaliyala ngati mbuzi yopita kumsika, amuna anzanga sakundipatsa mtendele. Ndiye lelo m'mawa ndamanga thumba la chimanga kumbuyo, ndati likhale inuyo, ndiyesele ndekha. Chitunda ndakwela theka. Potembenuka thumba lapendekeka, tonse awili m'ngalande. Inu chikwatilane simunandigwetsepo chonchi.

Ndili m'ngalandemo ndimaganiza za inu. Chaka chatha adokotala atakuuzani za BP, munkapuma katatu pochokela ku chitsime. Lelo mukuchova ndi chimwamuna chamimba ngati ine kumbuyo, dzuwa la Okutobala lili pamutu, n'kumaimbanso nyimbo za kukwaya. Mayi inu ndakugonjelani.

Chimanga chotayika ndawola, chili m'lichelo. Muchipete bwino, muli mchenga. Bondo langosupuka pang'ono, musawauze alamu anga, angalengeze mudzi wonse.

Ulendo wathu wa ku Nyimba Loweluka ulipobe, nthochi zotchuka za kumeneko zija tikadya ndithu. Wochova ndinu. Ine ndikhala kumbuyo, ndikugwileni m'chiuno, oseka aseke.

Atate ake Rita